Kaseti ya Amai a ku Kalindawalo

Anthu akamandiuza kuti chibale ndi fupa sichiola, ine ndimawafunsa ngati anaonapo fupa litaponyedwa pamoto. Achimwene anga ali moyo, sitolo yawo ikadalipo kumunsi kwa msika wa ku Petauke, koma ine sopo ndi mchere ndimakagula kwina, ngakhale kutalike. Ena amati ndine wouma mtima. Chabwino, ndine wouma mtima. Koma mundimve kaye.

Ndinali wotaipa pa depoti ya kampani ina yogula mbewu kwa alimi. Utabwera ulamuliro wa zipani zambiri tinavina pamsewu, ndipo ine ndinavina kuposa onse, chitenge chili m'chiuno, fumbi lili koboo. Sindinadziwe kuti ndikuvinira kutha kwa ntchito yanga. Kampaniyo anaigulitsa, ogulawo anatseka depoti, ife anatiuza kuti tizipita kwathu. Zaka zimenezo zaulere zonse zinauma. Kuchipatala lipira, kusukulu lipira, ngakhale chimbudzi cha pamsika chinapeza mwini wake wokhala pakhomo. Tinaphunzira mowawa kuti chilichonse chili ndi mtengo, ndipo phunzirolo linatilowerera kwambiri.

Ndisawanamizire achimwene. Ndi iwo amene ananditola nditagwa. Ndi munthu wonenepa, woseka ndi aliyense, mkulu wa mpingo, wosachedwa kuponyera mwana suwiti. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa sitolo yawo, nati, "Mlongo, uzitaipila muno, usakhale chabe kunyumba." Ndinayamba ndi makina akale ogogoda aja, ndipo patapita zaka ndinapeza kompyuta ya salaula, yogwiritsidwapo kale ntchito, yofiirira ndi ukalamba, yolira ngati chigayo. Ndinkataipira anthu makhadi a ukwati, mayeso a aphunzitsi, ndi makalata ofunsira ntchito zomwe kunalibe.

Kompyutayo inandizunza, inu! Pulogalamu yolembera imene ndinaipezamo inkangofuna nambala inayake yomwe ine ndinalibe, ndipo ikakwiya inkakana kusunga zimene ndalemba. Panali bambo wina wokonza makompyuta amene ankabwera pa basi ya ku Chipata, tayi pakhosi, kachikwama m'manja. Akaikhudza inkachira kwa kanthawi, kenako matenda omwe aja ankabwerera, iyenso n'kubwerera akumwetulira.

Amene anandichotsa m'manja mwake ndi kasitomala wanga, mphunzitsi wina wamkazi wa kusekondale. Atabwerako kumaphunziro ku Lusaka anatulutsa zimbale za kompyuta m'chikwama n'kuziika patebulo panga.

"Izi n'zaulele," anatero. "Muli pulogalamu yolembela, yowelengela, yokonzela zithunzi, ngakhale yokonzela mawu ojambulidwa. Sizifunsa nambala."

"Ndiye kuti n'zakuba," ndinatero ine.

"Iyayi, amai. Eni ake ndiwo anena kuti aliyense akope, apatse mnzake. Ni anthu ambili a m'maiko osiyanasiyana, amapanga mothandizana monga dima. Lelo tilime kwanu, mailo kwa ine."

Anaziika m'kompyuta mwanga masana omwewo. Poika zinafunsa dzina langa, zinafunsanso kuti ndisankhe mawu achinsinsi otsegulira. Kompyuta ikamayaka pankaoneka kambalame kakuda ka chifuwa choyera, katakhala pansi ngati mwana wokhuta. Ndinkakaseka kambalameko. Kuyambira tsiku limenelo kompyuta inasiya kundifunsa nambala, bambo wa tayi uja anasiya kundiona, ndipo ine ndinapenga ndi chimwemwe. Ndinakopa zimbale zambiri, pamwamba pake n'kulemba ndi cholembera chakuda kuti: ZAULERE, KOPANI, PATSANI ANZANU. Ndinapatsa makalaliki a kuboma, aphunzitsi, ndi munthu wina wotaipa ngati ine wa ku Nyimba. Kunkandikomera kupatsa munthu chinthu koma ine osatsala wopanda.

Tsopano ndinene za amai aja, chifukwa nkhani ino ndi yawo. Anali amai achikulire a ku Kalindawalo, ogulitsa nsawa pamsika. Kwawo kwenikweni kunali ku Mozambiki, cha ku Tete. Anathawa nkhondo ndi amuna awo, nakhala kukampu ya othawa nkhondo, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsala, chifukwa bamboyo anali atamwalira n'kuikidwa kuno. Ankabwera kuboma wapansi, dengu pamutu, ndipo ankapumira pamthunzi wa kachipinda kanga. Tsiku lina anandipeza ndikusamutsa nyimbo za kwaya ina kuchokera pa kaseti kupita pa chimbale. Anafunsa mafunso ochepa, n'kupita. Ulendo wotsatira anabwera ndi kanthu kokulunga nsalu pa nsalu.

Inali kaseti yakale, yosuluka, tepi yake yolumikizidwa ndi utoto wa m'zikhadabo pamalo pomwe inaduka. Anati anaijambula mnansi wawo kukampu pa tsiku la ubatizo wa mwana wawo, ndipo munali liwu la amuna awo. Chithunzi cha bamboyo analibe ngakhale chimodzi, zonse zinapsera m'nyumba kwawo.

"Wailesi inaitafunapo kale," anatero. "Manje ndiopa. Ndikaimva, ikutha. Ndikaleka kuimva, ndikutha ndine. Mwananga, muisamutse monga munachitila zija."

Ndinalumikiza chingwe kuchokera pa wailesi kupita ku kompyuta, ndikuopa kuti tepi iduka. Sinaduke. Liwu linalowa, n'kuoneka pagalasi ngati mizere yokwera ndi kutsika. Koma linali litakwiririka ndi phokoso longa mvula pamalata. Masana ambiri, kasitomala akasowa, ndinkakhala ndi pulogalamu yaulere ija n'kumachotsa phokosolo pang'onopang'ono, kumvetsera, kubwerera, kumvetseranso, mpaka munthuyo anatulukira. Ankapemphera m'chiyankhulo chawo chomwe ine ndimangotolako apa ndi apo. Pakati pa pemphero tambala analira pafupi, bamboyo n'kuphulika kuseka, kuseka kokokera mpweya mkati ngati watsamwa. Kenako anayambitsa nyimbo ndi liwu lalikulu lapansi, anthu n'kuvomera, ndipo chakumapeto anaitana mkazi wake kuti abwere pafupi.

Tsiku lomwe ndinawayatsira liwulo kuti alimve, amai aja anakana mpando. Anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale. Pemphero litayamba anagwira pakamwa. Tambala atalira anaseka pamodzi ndi amuna awo, misozi ikuyenderera. Pamene bamboyo anaitana, iwo anayankha, ngati munthuyo ali kuseri kwa chitseko. Ine ndinatuluka panja kukaimirira, chifukwa sindinkayenera kukhalamo.

Nditabwerera ndinawapatsira chimbale ndi kaseti yawo. Ha! Manja anawabisa kumbuyo.

"Sindingatenge chimanjamanja."

"Amai, pulogalamu ni yaulele, chimbale ndakupatsani ine. Tengani."

"Kwathu munthu akakubwezela wakufa wako sumuthokoza ndi pakamwa chabe. Nsawa zikakhwima ndidzabwela nazo, ndiye ndidzatenge."

"Tengani kaseti yokhayo basi, ni yanu."

"Zikhale pamodzi. Kwanga kudontha, ndipo makoswe savutika kulowa. Muno muli malata ndi loko."

Ndinawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Anangoseka, nasenza dengu lawo. Ndinatenga chimbale ndi kaseti n'kuziika m'bokosi la nsapato momwe ndinkasungira zimbale zonse, ndipo liwulo linatsalanso m'kompyuta. Mpaka lero ulemu umenewu umandipsetsa mtima. Munthu kusiya mwamuna wake m'nyumba ya eni chifukwa choopa kulandira chaulere! Koma amai aja sindingawakalipire, analeredwa choncho, ndipo enafe tinaleredwa chimodzimodzi.

Zaka zimenezo nkhani za usatana zinali pakamwa pa aliyense. Ukalemera msanga, wasatana. Ukapatsa mwana wa eni bisiketi, wasatana. Amene anayambitsa za ine sindimudziwa bwinobwino, koma ndinamva kuti mwana wa kalaliki wina amene ndinamupatsa chimbale anadwala, ndipo mkazi wake anayamba kufunsa mafunso kuchitsime ndi kutchalitchi. Ati chinthu chanji chofunsa dzina la munthu ndi mawu achinsinsi? Ati n'chifukwa chiyani chimalamula kuti upatse anzako? Ati nanga mbalame yokhala ngati munthu ija ndi ya kuti? Posakhalitsa zinamveka kuti mayina onse otaipidwa kuseri kwa sitolo akupita pansi pa nyanja. Azimayi anayamba kulambalala sitolo ya achimwene, shuga n'kumakagula kutsidya kwa msewu. Kumpingo nakonso anawafunsa kuti mkulu wa mpingo akusunga chiyani kuseri kwake.

Achimwene anabwera m'kachipinda kanga nkhope itagwa, chitseko n'kutseka.

"Mlongo, zimbale izi uzitaye."

"Zalakwa chiyani, achimwene?"

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyelele. Boma lenilenilo linaleka kupatsa zaulele. Manje munthu wakutali amene sakudziwa n'komwe akupatse chinthu chotele chifukwa chiyani? Afunapo kanthu."

"Pamene munandipatsa chipinda chino munafunapo chiyani? Munali Satana?"

"Usandiyankhe motelo. Ine ndine m'bale wako."

"Ndiye kuti chifundo chinathela pa inu nokha, dziko lonse mulibenso wina?"

Ndinawaonetsa kuti dzina limene kompyuta imafunsa limangokhala momwemo, kuti ngakhale nditalemba kuti ndine mbuzi ivomera. Ndinalembadi, inavomera. Sanaseke. Anati anthu saona zimenezo, anthu akuona sitolo yawo. Ndinawauza kuti anthuwo atopa okha, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Pasanapite nthawi kunagwa maliro kuchimuna kwanga, cha ku Luembe, kupitirira Nyimba. Ndinakhoma kachipinda n'kupita. Kiyi wina anali ndi achimwene, poti nyumba ndi yawo.

Pobwerako ndinatsika basi masana, nthochi za ku Nyimba zili m'manja zoti ndikawapatse achimwene omwewo. Ndisanafike n'komwe ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Kuseri kwa sitolo panali bwalo lakuda pansi, ndipo m'phulusa munali zinthu zopindikapindika zonyezimira. Ndinathamangira m'chipinda. Bokosi la nsapato kulibe. Kompyuta inali patebulo, yofundikidwa bwinobwino ndi nsalu yoyera. Ndinaiyatsa. Kambalame kaja sikanaoneke. Panatuluka pulogalamu yakale ija, ikundifunsa nambala. Ndinafufuza monsemo, ndipo munalibe chilichonse changa.

Ndinalowa m'sitolo ngati mphepo. Munali modzaza anthu, azimayi omwe aja ankalambalala, ndipo achimwene ankayeza shuga pasikelo.

"Mwachita chiyani?"

"Mlongo, tikambe bwino madzulo."

"Tikamba pano! Mwachita chiyani?"

Anati anabwera a kumpingo, anapemphera, anayimba, n'kuwotcha bokosi lonse anthu akuona, kuti mbiri ithe. Anati bambo wa ku Chipata uja anamuitana kuti atsuke kompyuta, achotse zonse, abwezeretse zakale.

"Nanga kompyutayo simunaiwotche bwanji, ngati ndimo mukhala Satana?"

"Aa, ija inachita kugulidwa."

Mwamva? Inachita kugulidwa! Satana wawo amaopa lisiti. Ndinawafunsa za kaseti.

"Kaseti iti?"

"Inali m'bokosi. Yakale, yokulunga m'nsalu."

"Anati zonse za m'bokosi. Sitinadziwe kuti ni ya ndani."

"Munafunsa? Munaiika mu wailesi kuti mumve? Munali pemphelo mmenemo, achimwene! Mwawotcha munthu akupemphela!"

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kuthira shuga m'pepala mpaka anasefukira pakauntala. Ndinawatchula mayina omwe sindingawalembe pano, ndinatchulanso azimayi aja mmodzimmodzi, ndipo sindikubweza ngakhale limodzi. Kenako ndinapita kuseri, ndinagwada paphulusa n'kumafukula ndi zala. Ndinapeza timisomali ting'onoting'ono tomangira kaseti ndi kachitsulo kamodzi kopyapyala. Tsiku lomwelo ndinasamutsa kompyuta yanga pa wilibala kupita nayo kunyumba kwanga.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mapulogalamu amene ankawaopawo sanawachite kanthu. Mphunzitsi uja anali ndi zimbale zake, wotaipa wa ku Nyimba anali ndi zake, ndipo sabata isanathe kambalame kanali katabwerera pagalasi langa. Moto wawo wonsewo, nyimbo zawo zonsezo, zinangopha chinthu chimodzi chomwe chinalibe chinzake kwina kulikonse. Ndipo mwini wake anali asanadziwe.

Uthenga wotere sutumizidwa pakamwa pa munthu wina. Ndinapangana ndi mnansi kuti andibwereke njinga ndipite ndekha ku Kalindawalo, koma amai aja anandiyambirira. Inali nyengo yozizira, nsawa zitakumbidwa. M'mawa wina ndinawaona akulowa pabwalo panga, atavala chitenge chawo cha kutchalitchi, duku loyera, dengu lalikulu pamutu. Anali atayamba afika kusitolo, ndipo achimwene, amuna akuluakulu, mkulu wa mpingo, anangowauza kuti mlongo wanga anasamuka, pitani kunyumba kwake.

Ndinawatula dengu. Zinali nsawa zosenda kale, zosankhidwa imodziimodzi, popanda yofota. Anakhala pamphasa akumwetulira, natambasula manja onse awiri.

"Lelo ndabwela ndi manja," anatero.

Ndinawauza. Sindinazungulire, ndinanena zonse monga zinachitikira. Kenako ndinaika timisomali tija m'manja mwawo momwe anali atatambasula. Anayang'ana timisomalito nthawi yaitali. Sanalire, sanatukwane, ndipo ine ndinkafuna atukwane kuti tithandizane. Nkhuku zinayandikira dengu, ndinazithamangitsa.

"Inu munamumva kangati?" anafunsa.

"Kambilimbili, amai. Masana onse aja."

"Ndiye imbani."

"Amai, chiyankhulo chanu sindichidziwa bwino."

"Imbani chabe."

Ndinayimba nyimbo ija monga inakhalira m'makutu mwanga, mawu ena ndikungowatafuna. Ankandiimitsa, kundikonza, ine n'kubwereza. Anandifunsa kuti tambala analira pamawu ati a pemphero, ndinawauza, iwo n'kugwedeza mutu kuti eya, pomwepo. Kenako anati, "Manje sekani monga anaseka." Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinakokera mpweya mkati monga ankachitira bamboyo, koma chimene chinatuluka ndi kulira, ndipo iwo ndi amene anandigwira paphewa.

"Mawu ni amenewo," anatero. "Liwu si limenelo."

Anamanga timisomali tija pansonga ya chitenge, naimirira. Ndinanyamula dengu kuti ndiwasenzetse, abwerere nazo nsawa zawo. Manja anawabisanso kumbuyo, monga tsiku lija.

"Nchito munagwila. Ndinamumva tsiku lija, ndinamuyankha. Nsawa ni zanu."

Anatuluka pabwalo mutu uli wopanda kanthu, akuyenda pang'onopang'ono kulowera njira ya ku Kalindawalo. Ndinawayang'ana mpaka anakhota. Nsawazo sindikanatha kudya ngakhale imodzi, zikananditsamwa. Ndinasenza dengu, ndinadutsa pakati pa msika anthu akundiyang'ana, n'kukalowa m'sitolo. Munali makasitomala, malonda anali atabwerera bwino lomwe. Ndinakankha pepala la shuga n'kutula dengu pakauntala, pamaso pa achimwene.

"Achimwene, izi si zaulele. Zalipilidwa. Idyani osaopa."

 Ndinatuluka m'sitolomo, ndipo phazi langa silinapondemonso. Anthu amandiuza kuti achimwene dengulo analisunthira pashelefu yapamwamba, ndipo linakhala pamenepo mpaka nsawa zinafumbwa. Sanadye, sanagulitse, sanataye. Ine sindinapite kukaona.